Katswiri akati gulani masheya a kampani ya magalimoto, mufunseni chifukwa

Pa 10 Novembala 2021, kampani ya ku America yopanga magalimoto oyendera magetsi ya Rivian inalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq, sheya imodzi ikugulitsidwa madola 78. Pasanathe sabata imodzi mtengo unali utadutsa madola 170, ndipo m'masiku amenewo msika unkaiona kampaniyi ngati yamtengo wapatali kuposa Ford ndi General Motors, makampani amene akhala akupanga magalimoto kwa zaka zoposa 100. Chonsecho chaka chonse cha 2021 Rivian inapanga magalimoto 1,015 okha. Kumayambiriro kwa Disembala akatswiri ounika masheya a m'mabanki akuluakulu anatulutsa zigamulo zawo, ndipo ambiri anati gulani. A Morgan Stanley analosera kuti sheyayo ifika madola 147, a Bank of America anati 170. Chaka cha 2022 chikutha, sheya ya Rivian inali pansi pa madola 20. Amene anagula panthawi imene zigamulozo zinkatuluka anali atataya zigawo zoposa zinayi mwa zisanu za ndalama zake.

Sindikukumbutsa nkhaniyi pofuna kunyoza akatswiriwo, chifukwa ambiri ndi anthu odziwa ntchito yawo ndipo amagwira molimbika. Chimene ndikufuna kunena n'chakuti pa zonse zimene katswiri amalemba mu lipoti lake, mawu amodzi a pamwamba aja, Buy, Hold kapena Sell, ndiwo opepuka kuposa zina zonse, koma n'zomvetsa chisoni kuti ndiwo okha amene amafika kwa munthu wamba. Chaphindu chili m'zifukwa zimene zalembedwa pansi pake. Nkhaniyi ikutikhudza ngakhale kuti pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre palibe kampani yopanga magalimoto. Abale athu amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ku London kapena ku America akutha kugula sheya ya Tesla, ya Toyota kapena ya Ford pafoni, ndipo chimene foniyo imawaonetsa ndi kamzera konena kuti akatswiri angapo akuti gulani, pamodzi ndi mtengo umene akulosera. Ndalama zimene zikupita kumeneko nthawi zambiri ndi zothukutira, zimene zikanamanga nyumba kumudzi kapena kulipira fizi ya mwana.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti chigamulocho sichilonjeza kuti mupeza phindu. Mabanki ambiri salemba n'komwe Buy. Amalemba Overweight kapena Outperform, ndipo ku Morgan Stanley mwachitsanzo, Overweight imatanthauza kuti katswiriyo akuyembekezera kuti m'miyezi 12 mpaka 18 ikubwerayo sheyayo ichita bwino kuposa masheya ena a m'gulu lomwelo amene iye amawatsatira. Ndiye kuti masheya a makampani a magalimoto akagwa ndi 30 peresenti, yanuyo n'kugwa ndi 20 peresenti, katswiriyo walondola, pamene inu mwataya gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zanu. Apa palibe chinyengo chilichonse. Lipotilo linalembedwera oyendetsa thumba la penshoni kapena la inshuwalansi amene ali kale ndi masheya a makampani mazanamazana, ndipo funso lawo n'lakuti aonjezere ati, achepetse ati. Munthu amene akufuna kuika ndalama zake zonse za chaka pa kampani imodzi akufunsa funso lina, loti kodi ndalamazo zidzakhalapo akadzazifuna, ndipo funso limeneli lipotilo silinayankhe.

Tionenso mmene zigamulozi zimagawikira. Kampani ya FactSet, imene imasonkhanitsa ziwerengero zoterezi, imaonetsa chaka ndi chaka kuti pa zigamulo zonse zoperekedwa pa makampani 500 akuluakulu a ku America, zoposa theka zimakhala Buy, pamene Sell zimangokhala 5 kapena 6 pa 100 zilizonse. N'zovuta kuti masheya oposa theka onse aziposa anzawo chaka chilichonse. Chifukwa chake n'chodziwika. Katswiri amadalira kuyankhulana ndi akuluakulu a kampani, kuitanidwa kukaona fakitale, kupatsidwa mpata wofunsa funso pa msonkhano wolengeza phindu, ndipo amene walemba Sell amadziwa kuti makomo ena atha kuyamba kumuvuta. Makasitomala a banki yake nawonso ambiri ali nayo kale sheyayo ndipo sasangalala akamva kuti ikunyozedwa. N'chifukwa chake anthu amene akhalitsa pa msika, akaona katswiri watsitsa chigamulo kuchoka pa Buy kufika pa Hold, amamva kuti akuuzidwa mwaulemu kuti agulitse.

Palinso nkhani ya amene amalipira katswiriyo. Munthu akamagula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito amatenga makanika wake kuti akaimvetsere injini, ndipo akapeza kuti makanika wabwera ndi wogulitsa, amamvetsera mawu ake koma ndi khutu lina. Mabanki amene amalemba ntchito akatswiriwa ndi omwewonso amene amathandiza makampani kugulitsa masheya atsopano ndi kubwereka ndalama, ndipo ntchito imeneyo ili ndi malipiro aakulu. Morgan Stanley ndi imodzi mwa mabanki amene anatsogolera kugulitsa masheya a Rivian. Mu 1999 ofufuza awiri, Roni Michaely ndi Kent Womack, anaonetsa kuti masheya atsopano oyamikiridwa ndi akatswiri a banki imene inawagulitsa ankachita moipa poyerekeza ndi oyamikiridwa ndi akatswiri a mabanki ena. Patapita zaka zochepa, loya wamkulu wa boma la New York, Eliot Spitzer, anatulutsa poyera makalata a pa kompyuta oonetsa akatswiri akunyozera mseri masheya amene pagulu ankauza anthu kuti agule. Mu 2003 mabanki khumi anavomera kulipira madola pafupifupi 1.4 biliyoni, ndipo Henry Blodget wa ku Merrill Lynch analetsedwa kugwira ntchito ya masheya moyo wake wonse.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale, malamulo anakonzedwa, ndipo masiku ano akatswiri analekanitsidwa ndi anzawo opezera banki ntchito. Mbali ina n'zoona, ndipo nkhani ya Rivian yomweyo ikuchitira umboni. Goldman Sachs ndi JPMorgan nazonso zinatsogolera kugulitsa masheyawo, koma akatswiri awo sananene kuti gulani. Anapereka chigamulo cha pakatikati, n'kulosera madola 94 ndi 104. Izi ziyenera kuvomerezedwa mosabisa. Koma onani kuti ngakhale osamala kwambiriwo analosera mtengo woposa kasanu umene sheyayo inali nawo chaka cha 2022 chikutha. Apa ndi pamene pakuonekera kuti vuto lalikulu si dyera ayi. Ngakhale katswiri woona mtima kotheratu, wopanda womukakamiza, akugwira ntchito yolosera zinthu zimene pa bizinesi ya magalimoto zimavuta kulosera kuposa pa mabizinesi ambiri.

Kupanga magalimoto kumadya ndalama zambiri galimoto yoyamba isanatuluke n'komwe. Fakitale, makina osindikizira zitsulo, maloboti, zaka zokonza mtundu watsopano, zonsezi zimalipiridwa kaya magalimoto agulidwa kaya ayi. Fakitale ikamayenda modzaza, phindu limakwera mofulumira, koma malonda akangotsika pang'ono phindu limatha msanga chifukwa zolipira zija sizitsika nawo. Kuonjezera apo, galimoto yatsopano anthu ambiri amaigula pa ngongole, ndiye chiwongoladzanja chikakwera kapena ntchito zikayamba kusowa, banja limangoti yakaleyi tiyende nayo chaka china. Zotsatira zake n'zakuti sheya ya kampani ya magalimoto imaoneka yotchipa kwambiri pa nthawi imene phindu lili pachimake, kutanthauza pa nthawi imene latsala pang'ono kutsika. Stellantis, kampani imene ili ndi Jeep, Peugeot, Fiat ndi Opel, inapeza phindu la mayuro 18.6 biliyoni mu 2023, ndipo kumayambiriro kwa 2024 sheya yake inkagulidwa pa mtengo wosafika kasanu phindu la chaka chimodzi. Papepala zinkaoneka ngati mwayi wosowa. Koma ku America magalimoto ake anali atakwera mtengo kwambiri ndipo ankangodzaza m'mabwalo a ogulitsa osayenda malonda. Mu Seputembala 2024 ogulitsawo analemba kalata yapoyera yodzudzula mkulu wa kampaniyo, Carlos Tavares, kumapeto kwa mwezi womwewo kampani inachenjeza kuti phindu litsika, ndipo pa 1 Disembala Tavares anatula pansi udindo. Phindu la 2024 linagwa ndi 70 peresenti. Chenjezo linalipo kwa miyezi, koma linali m'chiwerengero cha magalimoto osagulidwa, osati m'mawu amodzi a pa foni. Ndipo bizinesiyi ikagwa imagweratu: General Motors itapita ku khoti pa 1 Juni 2009 kuti yalephera kubweza ngongole, amene anali ndi masheya ake akale sanatolepo kalikonse, ngakhale kuti dzina la kampaniyo likadalipo mpaka lero.

Mtengo woloseredwa uja, umene umaoneka ngati wawerengedwa mosamala mpaka dola yomaliza, kwenikweni ndi mndandanda wa zongoyerekeza zolumikizana. Katswiri amayerekeza magalimoto angati adzagulidwe, pa mtengo wanji, phindu lotsala pa galimoto iliyonse lidzakhala lotani, kenako n'kusankha kuti phindu la zaka zam'tsogolozo ndi lokwana ndalama zingati lero. Chimodzi chikasintha pang'ono, yankho lomaliza limasintha kwambiri. Mu Meyi 2019, sheya ya Tesla ili pa madola pafupifupi 200, Adam Jonas wa ku Morgan Stanley analemba kuti zinthu zikaipiratu itha kufika pa madola 10. Chaka chotsatira sheyayo inakwera kuposa kasanu ndi katatu, ndipo mu Julaye 2020 Tesla inaposa Toyota pa mtengo wa pa msika, ikugulitsa magalimoto osafika theka la miliyoni pachaka pamene Toyota inkagulitsa oposa 9 miliyoni. Mu 2022 inagwa ndi pafupifupi 65 peresenti. Mu Seputembala 2023 katswiri yemweyo anakweza mtengo woloseredwa kuchoka pa madola 250 kufika pa 400, chifukwa chachikulu chisali magalimoto koma kompyuta yamphamvu ya Dojo imene Tesla inkamanga. Amene anangoona 400 sanadziwe kuti akugula chiyembekezo cha kompyuta. Ku Rivian nakonso, mitengo ya 147 ndi 170 inawerengedwa chiwongoladzanja cha ku America chili pafupi ndi ziro. Mu 2022 banki yaikulu ya dzikolo inachikweza kupitirira 4 peresenti, phindu la zaka khumi zam'tsogolo linatsika mtengo, ndipo kampaniyo inapanga magalimoto pafupifupi 24,000 m'fakitale yotha kupanga 150,000, n'kutaya madola oposa 6 biliyoni.

Ndiye pali zimene sizilowa m'mawerengero a wina aliyense. Pa 18 Seputembala 2015 bungwe loteteza chilengedwe la boma la America linalengeza kuti Volkswagen inaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yonamiza makina oyezera utsi. Magalimoto okhudzidwa anali pafupifupi 11 miliyoni dziko lonse, sheya inataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu m'masiku awiri, ndipo mlanduwo wadyera kampaniyo mayuro oposa 30 biliyoni. Amene anayamba kuona kuti china chake sichili bwino ndi ofufuza a pa West Virginia University amene anamangirira zida zoyezera utsi kumbuyo kwa magalimoto n'kumayenda nawo pamsewu weniweni, ndipo zotsatira zawo zinatuluka mu 2014. Katswiri wa masheya amawerenga zimene kampani yalengeza, ndipo kampani ikabisa, iyenso amakhala mumdima ngati wina aliyense. Chimodzimodzi ndale: mu Epulo 2025 America itaika msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto ochokera kunja, General Motors inati msonkhowo utha kuidyera madola 4 mpaka 5 biliyoni m'chaka chimenecho.

Mfundo yotsutsa imene ndimaipatsa ulemu kwambiri ndi yakuti, ngakhale zili choncho, katswiri amadziwa zambiri kuposa namwino wa ku Manchester kapena woyendetsa thiraki wa ku Durban, ndiye kunyalanyaza mawu ake n'kudzikuza. Ndikuvomereza kuti amadziwa zambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikuti tiwerenge zimene akudziwazo m'malo mongotola chigamulo. Lipoti labwino limakuuzani zinthu zimene simukanaziona nokha. Limakuonetsani kuti mu 2023 Ford inataya madola 4.7 biliyoni pa magalimoto a magetsi pamene nthambi yake yogulitsa mavani ndi mathiraki kwa amabizinesi inapeza oposa 7 biliyoni, kotero kuti wogula sheya ya Ford akugula mabizinesi angapo osiyana m'dzina limodzi. Limakufotokozerani kuti phindu lalikulu la Toyota m'chaka chothera mu Marichi 2024, loposa mayeni 5 thiriliyoni, linachokera ku magalimoto ophatikiza petulo ndi batire, amene ena ankati ndi achikale, komanso ku kufooka kwa yeni, chinthu chimene chitha kutembenuka. Limakuuzani magalimoto osagulidwa akwana masiku angati a malonda, kampani ikuchotsera ndalama zingati pa galimoto iliyonse kuti iyende, ndalama zenizeni zotsala ikalipira mafakitale ndi zingati, ndiponso ili ndi ngongole yotani. Izi mutha kuzitsatira miyezi itatu iliyonse kampani ikamalengeza zotsatira zake, n'kuona nokha ngati zimene katswiri anayerekeza zikuchitika. Ndipo lipoti lofunika kulifunafuna kwambiri ndi la amene akutsutsana ndi maganizo anu. Ngati mtima wanu wakonda kale Tesla, katswiri wachikhumi wonena kuti gulani sakuonjezerani kanthu, koma mmodzi yekha wonena kuti gulitsani akuonetsani pamene ndalama zanu zingathere. Atha kukhala wolakwa, monga mmene ambiri onyoza Tesla analakwira mu 2020, komabe mukalephera kuyankha mfundo zake ndiye kuti simunakonzeke kugula.

Ena amatchula kafukufuku woonetsa kuti zigamulo za akatswiri zili ndi phindu, ndipo kafukufukuyo alipodi. Womack yemwe uja anapeza mu 1996 kuti katswiri akasintha chigamulo mtengo umatsatira, makamaka akachitsitsa. Mu 2001 Brad Barber ndi anzake atatu anapeza kuti masheya oyamikiridwa kwambiri ankaposa onyozedwa. Koma anapezanso kuti kuti munthu apindule nazo ankayenera kugula ndi kugulitsa pafupipafupi, nthawi yomweyo chigamulo chikasintha, ndipo ndalama zolipira pa kugula ndi kugulitsako zikachotsedwa, phindulo silinkaonekanso bwinobwino. Ndiye kuti chaphindu chili m'kusintha kwa chigamulo, ndipo amachidya ndi amene amva poyamba. Makasitomala aakulu a banki amalandira lipotilo msika usanatsegulidwe. Likamafika pa nyuzipepala kapena pa gulu la WhatsApp, mtengo wasuntha kale. Kamzera ka pa foni kaja n'kofooka kuposa apa, chifukwa kamasakaniza chigamulo cha dzulo ndi cha miyezi ingapo yapitayo, n'kuphatikiza amene akulosera 100 ndi amene akulosera 400 kukhala 250, mtengo umene palibe katswiri aliyense anaukhulupirira.

Ifeyo tili ndi msampha wathu wapadera. Aliyense amene waima pa depoti ya ku Lilongwe kapena ku Limbe amaona kuti msewu wadzaza Toyota: Hiace, Sienta, Probox, Hilux. N'kosavuta kuganiza kuti kampani imeneyi singagwe ndipo sheya yake ndi yogula nthawi iliyonse. Koma ambiri mwa magalimoto amenewa anabwera atagwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ndipo Toyota inalandira ndalama zake zaka zapitazo kwa amene anagula koyamba. Kulimba kwa Hiace ndi umboni wa luso la opanga, koma sikukuuzani ngati mtengo wa sheya lero ndi woyenera, ngakhale mmene Toyota ikuchitira ku China kumene makampani ngati BYD alanda msika. Palinso zinthu zimene katswiri wa ku New York kapena ku Tokyo sawerengera chifukwa sizimukhudza: kusintha kwa randi, paundi kapena kwacha poyerekeza ndi dola, msonkho umene America imadula pa dividendi ya alendo, umene utha kufika 30 peresenti, ndiponso kwa amene ali kuno kumudzi, malamulo a Reserve Bank of Malawi otumizira ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusintha kwa tsiku limodzi kumeneko kunaposa kukwera kumene akatswiri ambiri amalosera pa sheya kwa chaka chathunthu.

Yotsala ndi mfundo yakuti munthu wamba alibe nthawi yowerenga zonsezi, ndipo malipoti a mabanki sapezeka mwaulere. Malipoti athunthu n'zoona kuti ambiri ndi a makasitomala okha, koma mfundo zake zikuluzikulu zimalembedwa m'nyuzipepala za zachuma, ndipo ziwerengero zimene katswiri amagwiritsa ntchito kampani iliyonse imaziika pa intaneti kwaulere, pamodzi ndi mafunso amene akatswiriwo anafunsa akuluakulu ake. Kuwerenga zimenezi ndi ntchito ya madzulo angapo miyezi itatu iliyonse. Amene sangapeze madzulo amenewo sakulakwa kanthu, popeza anthu ali ndi ntchito ndi mabanja, koma yankho lake si kubwereka chigamulo cha munthu wina. Kuli bwino aike ndalamazo m'thumba logula masheya a makampani ambiri nthawi imodzi, limene limalipiritsa zochepa, momwe Rivian imodzi kapena Volkswagen imodzi ikagwa imangokanda pang'ono ndalama zake zonse.